Nyenyezi m'Khosi mwa Njinga ya Pempho

Chakum'mawa kwa Sinda, pamene msewu wafumbi wochokera kumidzi umakumana ndi tala wopita ku Katete, pali mtengo wamango umene sunabalepo zipatso zoti munthu n'kuziyamikira. Pansi pake ndiye pamabala zinthu: matayala akutha, matcheni adzimbiri, mafelemu a njinga zimene zinafa kalekale. Pamenepo ndi pamene a Filimoni Sakala ankakonzera njinga, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitachita mbuu.

Owadziwa sankayamba n'kutama manja awo. Ankatama khutu. Njinga ikamabwera chapatali, iwo asanadzutse n'komwe mutu pa chubu chimene akumata, ankangoti, "Imeneyo yathyoka sipoko kumbuyo," kapena, "Uyo mabolo a m'pedulo amuthera." Mwini njinga pofika ankapeza matenda atchulidwa kale, sipanala ili m'manja. Anyamata a kabaza amene ankaswera pamthunzipo ankati a Filimoni amamva ngakhale nsabwe ikutsokomola m'tayala. Eni akewo mawu amenewa sankawakana. Ankawakonda zedi, ndipo matamando akachuluka amalowa m'khutu n'kuumiramo ngati phula.

Chinalipo chinthu chimodzi chimene khutu limeneli linkachikonda kuposa kulira kwa tcheni yothiridwa mafuta, ndicho mawu a Pempho, mwana wawo wamkazi wotsiriza. Pempho ndiye ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya mpingo wa Reformed pamudzipo. Akaimirira kutsogolo n'kutsegula pakamwa, mano ali mbee, mawu ankatuluka osalala mpaka odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro. A Filimoni ankakhala kumbali ya abambo, maso atatsinzina, kenako n'kugunyuza woyandikana naye. "Mawu amenewo anatengera ine," ankatero, ngakhale iwo eni akati ayimbe agalu a kwa abusa ndi amene ankayankha.

Pempho anakwatiwa ndi Samson, mnyamata wa ku Vubwi, amene anabwera chikamwini n'kumanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Samson asanakwatire anagwirapo ntchito kutsidya kwa malire, m'sitolo yolumikiza njinga zakale zochokera kunja, ndipo njinga ankazidziwa. Koma chifikire pamudzipo sanagwirepo sipanala pafupi ndi mtengo wamango uja. Ankalima mtedza ndi thonje, n'kumapereka moni ali chapatali. Ankadziwa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, makamaka wina akakhala wobwera.

Chaka china thonje litagulidwa, Samson anapita kumsika wa ku Katete n'kukagulira mkazi wake njinga ya salaula, yogwirapo kale ntchito kunja. Inali yofiira, yopanda keliyala, yopanda madigadi, yopepuka moti Pempho ankainyamula ndi dzanja limodzi. A Filimoni anaiyang'ana kamodzi n'kulavula. "Njinga yosanyamula thumba la chimanga si njinga," anatero, "ndi chidole." Koma Pempho anaikonda, ndipo inali ndi ntchito yake. Loweruka likubweralo makwaya a mipingo ingapo ankakakumana kufupi ndi Mkaika, ndipo iye ndiye amakayambitsa nyimbo imene anzake anaiphunzira chilimwe chonse. Anali atanena kale kwa aliyense kuti akafika kumeneko pa njinga yake yofiira.

Lachinayi masana a Filimoni anamva njinga ikubwera mochita kukankhidwa. Tayala lakutsogolo likagunda kamwala, penapake pankalira kuti kho, kho.

"Khosi limenelo," anatero asanacheuke. "Likugwedera."

"Ndi lomwelo, atate," anayankha Pempho, akuiyedzamiritsa pamtengo. "Ndikagwira buleki yakutsogolo, handulo ikuchita ngati ikufuna kusiyana ndi foloko."

"Amuna ako akudziwa?"

"Anatsegula Lolemba. Akuti m'kati mwa chitoliro cha foloko muli kapulagi kamene kamatupa ukamanga bawuti, n'kugwira m'mbali. Kamene kalimo n'kakafupi, ndiponso kakutha, ndiye kakuterera. Anayeza m'katimo ndi phesi, n'kutumiza phesilo ndi kondakitala wa minibasi kuti akafune kapulagi katali kolingana nalo ku Chipata. Akuti ndisaikwere mpaka kafike. Koma mpaka lero zii, ndipo Loweruka ndi mkuja."

A Filimoni anaika chubu pansi pang'onopang'ono. Mawu onsewo anawamva, koma amene anawalasa anali amodzi.

"Ku Chipata," anatero. "Atate ako anamwalira liti, Pempho? Bwanji sanandiuze kuti ndikakhale nawo pamaliro?"

Anyamata a kabaza anaseka. Pempho anaseka nawo, mwamanyazi, n'kukhala pa tayala lakale.

Tsono njinga zimene a Filimoni anakulira nazo zili ndi khosi lamazinga. Pamakhala nati yaikulu, ukaimanga khosi limalimba, ndipo pamwamba pa handulo pamakhala bawuti yaitali imene imagwira zonse. Pa njinga yofiirayi anafunafuna nati yaikulu ija, osaipeza. Panali kachivundikiro chabe ndi kabawuti kake pamwamba, ndi tibawuti tiwiri cham'mbali. Iwo anati bawuti yapamwamba ndi bawuti yapamwamba basi, kaya njinga yachokera kuti. Analowetsa kiyi n'kuyamba kumanga. Khosi linapitiriza kho, kho. Anamanganso, mitsempha ya padzanja ili tolotolo. Chimene chinkachitika n'chakuti kapulagi kaja kankangokwera m'chitoliro, mpaka kanatulukira pamwamba n'kugwera m'fumbi.

Anakatola n'kukatembenuza m'manja. "Ndiye kameneka n'kamene kakudikira abale ake a ku Chipata?" Anakaponya pamulu wa zitsulo.

Koma tisawanamizire, a Filimoni sanali munthu wopusa. Atayang'anitsitsa khosilo, anaiona nzeru yake: tibawuti tam'mbali timayenera kumasulidwa kaye, yapamwamba ikoke khosi pamodzi, kenako n'kumanganso tam'mbalito. Chimene chinkasowa chinali choti bawuti yapamwambayo ikokerepo. Apo anakumbuka kuti pamulupo panali foloko yachitsulo ya njinga ina yamakono, ndipo m'kati mwake anaonamo kale kachitsulo kooneka ngati nyenyezi, kamano akuthwa kuzungulira. Anaifukula, anagogoda nyenyeziyo mpaka inatuluka, n'kuiika pakamwa pa chitoliro cha njinga ya Pempho. Inali yokulirapo pang'ono. Anatambasula dzanja kutenga hamala.

Nthawi imeneyo ndi imene Samson anafika, akuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Ataona zimene zinali m'manja mwa apongozi ake, anaima. Anaika khasu pansi, anavula chipewa, ananjuta chapatali monga mwa mwambo, n'kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Taswera, akamwini. Tikuthandizako a ku Chipata, ntchito yawachulukira."

Mkamwini sauza apongozi ake kuti mwalakwa. Mawu amenewo kulibe m'kamwa mwake. Amazungulira, amayamba ndi kapena, n'kumayembekeza kuti wamkuluyo atola yekha. Samson anayang'ana pansi n'kuyamba kuzungulira.

"Ndimati kapena, atate, nyenyeziyo ikanadikirako. Chitoliro chimenecho si chachitsulo."

"Ndi cha chiyani?"

"Amati kaboni. Ndi ulusi wa makala, woluka, womata ndi guluu. N'chifukwa chake njingayi ili yopepuka."

"Makala." A Filimoni anatembenukira kwa anyamata a kabaza. "Mwamva? Akamwini agulira mwana wanga njinga ya makala. Ikatha tidzawotcherapo chimanga."

Chiseko chinabuka. Samson anadikira kuti chithe, ndipo atayambanso mawu ake anali otsika, koma sanazungulirenso kwambiri.

"Nyenyezi ili ndi mano, atate. M'chitsulo imaluma n'kugwira, palibe vuto. Mu ichi imadula ulusi m'kati, kunja osaoneka kanthu. Pulagi ija siluma, imangotupa n'kukankha mbali zonse mofanana, n'chifukwa chake ndinafuna yaitali. Nyenyeziyo ikalowa, khosi lilimba lero. Koma tsiku lina pamtsetse, munthu atagwira buleki, lidzaduka. Wokwerayo amagwa nkhope pansi, handulo ili m'manja."

Pamthunzipo pakanakhala popanda anthu, mwina a Filimoni akanaika hamala pansi n'kunena kuti dzuwa latentha, tiona mawa. Koma panali anyamata aja amene ankati iwo amamva nsabwe ikutsokomola, ndipo onse anali akuwayang'ana. Panalinso Pempho, maso akupita kwa atate ake, kubwera kwa mwamuna wake. Mtima unawatentha. Anaona ngati mtengo wawo womwe ukuzulidwa ndi munthu wobwera ndi chikwama chimodzi kuchokera ku Vubwi.

"Akamwini," anatero, "njinga yoyamba ndinaimasula amayi anu asanathe msinkhu. Munabwera pano kudzalima, limani. Za njinga zisiyireni eni ake."

Mawuwo anali olemera, ndipo palibe anaseka. Samson anawomba m'manja kawiri, anatola khasu lake n'kuimirira. Sanachoke. Anangosendera kumbuyo.

A Filimoni anaika chitsulo pamwamba pa nyenyezi n'kumenya. Inalowa pang'ono. Anamenyanso, n'kumenyanso. Pomenya komaliza lole yonyamula thonje inkadutsa pa tala, ikubangula, ndipo palibe wina aliyense anamva kanthu. Koma m'kati mwa phokoso lonselo, khutu la a Filimoni linatola kamawu kamodzi kochokera m'chitoliro. Kanali kakang'ono, tswa, ngati khoko la mtedza likamasweka pakati pa zala. Zaka zonse zimene anagogoda zitsulo sanamvepo chitsulo chikulira chotero.

Dzanja linaima m'malere. Kenako anatsokomola, n'kuika hamala pansi.

Anamanga bawuti yapamwamba, anamanga tam'mbali. Anagwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Zii. Anainyamula n'kuigwetsa pa tayala. Zii. Khosi linali gwa, handulo ikutembenuka mofewa. Anyamata a kabaza anawomba m'manja, wina anaimba mluzu.

"Kauzeni a ku Chipata kuti asavutike," anatero a Filimoni. "Ya kwa Filimoni sibwerera."

Madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa lili pafupi kulowa, anali atakhala pakhonde pawo pamene anamva mawu kuseri. Nyumba ya Samson sinali patali, ndipo khutu lotere silisankha zoti limve.

"Foloko imeneyo yatha kale, Pempho," ankatero Samson. "Ngakhale pulagi ifike lero, siithandizanso. Tengani njinga yanga yakale. Kapena kwerani lole ndi anzanu."

"Ndiye mwabisa wilo langa m'nkhokwe?"

"Ndabisa."

"Mukufuna mudzi wonse uone kuti ndakana ntchito ya atate anga? Kuti mawa ndidutse pamtengo paja pa njinga yanu, anyamata aja akuyang'ana? Chibadwire ine sindinagwepo pa njinga yotuluka m'manja mwa atate. Bwezerani wilo, a Samson. Apo ayi ndikudzutsa ankhoswe, mukafotokoze kwa iwo chifukwa chimene mukunyozera apongozi anu m'mudzi mwawo."

Kenako a Filimoni anamva chitseko cha nkhokwe chikulira, ndi Samson akupempha motsitsa mawu kuti pamtsetse paliponse atsike, ayende pansi. Pempho anati wamva.

A Filimoni anakondwa kuti mwana wawo waima nawo. Anakondwa ndithu. Koma chimwemwecho chinali ndi mchenga, chifukwa kamawu kaja kanali kasanachoke m'khutu. Anadziuza kuti kanali kamwala pansi pa tayala la lole. Anadziuza kuti khutu nalo limakalamba. Pa zinthu zonse zimene akanavomera, anasankha kunyoza khutu lawo lomwe kusiyana n'kupita kuseri kukagogoda pakhomo pa mkamwini.

Loweruka m'mawa Pempho anafika pamtengo atavala yunifolomu ya kwaya, duku loyera kumutu, njinga yofiira itapukutidwa mpaka kuwala. Atsikana awiri a m'kwaya anali naye pa njinga zawo. Samson anabwera pambuyo, wapansi, n'kuima chapatali. Anyamata a kabaza anali atafika kale.

Pempho anatsika n'kugwira chishalo. Anayang'ana atate ake, ndipo m'maso mwake munali funso lenileni.

"Atate, ili bwino eti?"

A Filimoni akanangoti, mwana wanga, kwera lole, ndiionenso. Sakanafunika n'kutchula dzina la Samson. Koma Samson anali pomwepo, chipewa chili m'manja, ndipo a Filimoni anaona ngati mkamwiniyo akudikira mawu omwewo kuti awatole n'kukawasunga.

"Pita, mwana wanga," anatero. "Ukawaimbire amve kuti ku Sinda kuli anthu."

Pempho anamwetulira, mano onse poyera, n'kukwera. A Filimoni anamvetsera njingayo ikupita mpaka mawu ake anazimirira. Sinkalira paliponse.

Uthenga unabwera dzuwa lisanafike pamutu, ndi mmodzi wa atsikana aja, akupalasa ngati akuthamangitsidwa. Atapatuka pa tala kulowera ku Mkaika pali mtsetse wotsikira kumtsinje, msewu wake wamiyala ndi mabampu. Pempho anali patsogolo, akuyeseza nyimbo, ndipo sanatsike. Chapakati pamtsetse mbuzi inadumphira mumsewu. Anagwira buleki. Khosi linaduka, wilo lakutsogolo linapita kwake, ndipo iye anagwa nkhope pamiyala, handulo ili m'manja. Galimoto ina inamunyamula kupita naye kuchipatala ku Katete.

A Filimoni anamupeza atagona, nkhope itatupa moti akanamudutsa osamuzindikira. Chibwano chinali chitang'aluka, mlomo wapamwamba atausoka, mano akutsogolo atatsala pamtsetse paja. Samson anali atakhala pansi pafupi ndi bedi. A Filimoni anaima pakhomo la chipindacho, ndipo chisoni chinawagwira moti anafuna kulira ngati mwana. Koma atatuluka panja n'kupeza achibale atasonkhana, pakamwa panatuluka zina.

"Misewu yake imeneyi," anatero. "Ndiponso ndinanena ine kuti njinga ya makala si njinga. Munthu wanzeru angagulire mkazi wake chinthu chotero?"

Ena anavomera. Ndani akanatsutsa bambo amene mwana wake ali pabedi? Samson anamva, chifukwa anali atatuluka kudzatunga madzi. Lolemba m'mawa a Filimoni pofika pantchito anapeza zidutswa ziwiri za foloko zitaikidwa bwinobwino patsinde pa mtengo. Chitoliro chinaduka ndendende pamene panali nyenyezi. Ulusi wakuda unali nyankhalala, ndipo pakati pake mano a nyenyeziyo ankanyezimira. Anayang'ana uku ndi uku, anakankhira zidutswazo pansi pa mulu wa zitsulo, n'kuvundikirapo tayala.

Tsiku lomwelo minibasi ya ku Chipata inaima pamphambano, kondakitala n'kudumpha ndi kapepala kapulasitiki. "A mdala, aka ni ka a Samson," anatero. "Kanavuta kupeza, manje nilibe nthawi, muwapase chabe." M'katimo munali pulagi yaitali ngati chala, ndi phesi lija atalimangirira pambali. A Filimoni anaziika m'thumba la ovolosi ndipo sanapatse munthu.

Pempho anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itayandikira. Kwa nthawi yaitali ankangomwa phala lamadzimadzi. Ankayenda atagwira nsonga ya chitenje pakamwa, ndipo akakumana ndi atate ake ankagwada n'kupereka moni monga kale. Sanawanene. A Filimoni akanakonda akanawatukwana, chifukwa munthu wokutukwana umamuyankha. Kutchalitchi a Filimoni anasiya kupita. Ankati ntchito yachuluka, ngakhale aliyense ankaona kuti Lamulungu pamtengo pamakhala iwo okha ndi nkhuku.

Tsiku lina chakumasana, anyamata a kabaza atapita kukadikira basi, Pempho anabwera yekha n'kukhala pa tayala lomwe lija. Anachotsa chitenje pakamwa. Kanali koyamba kuti atate ake aone bwinobwino chipsera cha pamlomo ndi mpata wakuda umene unali kumbuyo kwake.

"Atate, Sabata ili mubwere kutchalitchi. Ndikayambitsa nyimbo."

Mawu ake ankatuluka ndi kamphepo. A Filimoni anayang'ana sipanala imene inali m'manja mwawo.

"Ndi pakamwa potero, mwana wanga?"

"Ndi pomwepa. A kwaya anati ndipume kaye, mnzanga Violet aziyambitsa, ine ndiziima kumbuyo. Ndakana. Mano ndi amene anatsala pamtsetse, mawu ndinabwera nawo." Ankasewera ndi nsonga ya chitenje. "Pali chinthu chimodzi ndimafuna ndikufunseni. A Samson akuti foloko yotere ikamang'aluka m'kati imalira. Ine ndinawatsutsa. Ndinati ikanalira, atate anga akanamva, ndipo akanamva sakanandilola kukwera."

Sanafunse kanthu kwenikweni. Anangoika mawuwo pansi n'kudikira. Pulagi ija inali m'thumba la a Filimoni, ikuwagunda pantchafu.

"Panadutsa lole nthawi imene ija," anatero.

Pempho anawayang'ana kwa nthawi yaitali. Ankawadziwa atate ake. Anadziwa kuti munthu amene sanamve kanthu sakumbuka kuti panadutsa chiyani.

"Inde," anatero potsiriza. "Panadutsa lole." Anaimirira n'kukutumula fumbi pa chitenje, ndipo sanachibwezerenso pakamwa. "Mubwere, atate. Mudzandimve."

Sabata limenelo a Filimoni anapita. Sakanachitira mwina, chifukwa kusapita kukanakhala kuvomera pamaso pa mudzi wonse. Anavala jekete lawo n'kukakhala pamalo awo akale kumbali ya abambo, mutu uli chilili, ngati munthu amene alibe mlandu ndi wina aliyense. Samson anakhala kumbuyo, monga mkamwini.

Nthawi ya kwaya itakwana, Pempho anatuluka pamzere n'kuima kutsogolo. Sanaweramitse mutu. Anayang'ana mpingo wonse, kenako maso ake anapeza atate ake n'kukhazikika pomwepo. Anatsegula pakamwa, mpata uja uli poyera, n'kuyamba nyimbo yomwe ija imene anayenera kukaimba ku Mkaika.

Mawu analipo. Anakwera mpaka kumalata monga kale, ndipo amayi ena anayamba kupukuta misozi. Ambiri m'tchalitchimo anangomva kuti Pempho wabwerera. Koma pa liwu lililonse lofuna mano, mpweya unkapulumukira pampata paja n'kuchita kamluzu kakang'ono, kopyapyala. Akati Yesu, kanalipo. Akati chisomo, kanalipo. Kwaya yonse italowa, ng'oma ndi manja zikugunda, ena onse kanawatayika. A Filimoni okha ndi amene sikanawatayike. Khutu limene linkatola sipoko yothyoka kutsidya kwa msewu linkakatola kamluzuko kamodzikamodzi, osaphonya, ndipo kankafanana ndi kamawu kaja ka m'chitoliro.

Anayesa kutsinzina monga ankachitira kale, koma atatsinzina kanamveka kwambiri. Anatsegula maso n'kupeza mwana wawo akuwayang'anabe, akuimba ndi mphamvu zake zonse. Woyandikana nawo anawagunyuza n'kunong'ona kuti, "Mawu aja anatengera inu, a Sakala." Dzanja la a Filimoni linali m'thumba la jekete, litafumbata pulagi imene anaisamutsiramo m'mawa umenewo osadziwa chifukwa chake, ndipo misozi inkatsikira m'ndevu anthu onse akuona.

Pempho akuyambitsabe nyimbo mpaka lero, ndipo a Filimoni saphonya Sabata. Anachenjezedwa ndi mkamwini atanjuta pansi, anachenjezedwa ndi khutu lawo lomwe, anafunsidwa ndi mwana wawo njinga isananyamuke, ndipo ponseponse anasankha kusamva. Tsopano amamva mlungu uliwonse, ndipo adzamva mpaka tsiku limene adzawatsekere m'bokosi. Akuluakulu sananame pamene anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.